Kalata Yotseguka kwa Nduna ya Zaumoyo: Wodwala Sitiroko Aliyense Ayezedwe ndi Muyeso Umodzi Akangofika Kuchipatala



Kalatayi yalembedwa pofuna kupempha Unduna wa Zaumoyo kuti ukhazikitse lamulo loti munthu aliyense woganiziridwa kuti wachita sitiroko aziyezedwa ndi muyeso umodzi wovomerezeka akangofika kuchipatala, ndipo zotsatira zake zizilembedwa mwa nambala m'kabuku kake ka kuchipatala, pamodzi ndi nthawi imene abale anamuona komaliza ali bwinobwino. Sitiroko ndi matenda amene amachitika pamene gawo lina la ubongo lasiya kulandira magazi, mwina chifukwa mtsempha watsekeka ndi magazi oundana, mwinanso chifukwa mtsempha waphulika ndipo magazi akhuthukira mu ubongo, ndipo mbali ya thupi imene inkalamulidwa ndi gawo lowonongekalo imafooka kapena kufa ziwalo kumene. Kuti matendawa ali pakati pa Amalawi si nkhani yokayikitsa, pakuti kafukufuku wa STEPS amene Unduna womwewu unachita mu 2009 mothandizana ndi bungwe la World Health Organization anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. Kafukufuku wina wochitikira pa Queen Elizabeth Central Hospital, amene Laura Benjamin ndi anzake anafalitsa mu 2016, anasonyeza kuti kuthamanga kwa magazi ndi kachilombo ka HIV ndizo zifukwa zikuluzikulu za sitiroko kuno, ndipo HIV ndi imene ikugwetsa kwambiri anthu amene akadali aang'ono msinkhu, oti pakhomo akuwadalira.

Vuto limene kalatayi ikudandaula nalo lili m'kalembedwe ka tsiku ndi tsiku. Mawu akuti wodwala wafooka mbali ya kumanja amalembedwa ponena za bambo amene wabwera akuyenda yekha, dzanja likungomulemera, ndipo mawu omwewo amalembedwanso ponena za mayi amene sakutha kutukula mkono ngakhale pang'ono, sakumva zimene akuuzidwa, maso ake atembenukira mbali imodzi, ndipo mwina safika mawa. Namwino wolandira ntchito usiku, dokotala woyendera wodi m'mawa, ngakhalenso chipatala chachikulu cholandira kalata yotumizira wodwala, onsewa akawerenga mawu otere sangadziwe kuti munthuyo anali wotani pamene ankafika, choncho sangathenso kudziwa ngati akupeza bwino kapena akuipiraipira. Muyeso wa kukula kwa sitiroko ndi ndondomeko yopima wodwala m'njira yofanana nthawi zonse, chinthu chilichonse chopimidwa n'kupatsidwa mapointsi, kuti anthu awiri opima wodwala mmodzi apeze nambala yofanana kapena yoyandikana.

Muyeso wodziwika kwambiri padziko lonse ndi National Institutes of Health Stroke Scale, umene mwachidule umatchedwa NIHSS, ndipo unafalitsidwa mu 1989 ndi Thomas Brott ndi anzake a ku Cincinnati m'dziko la America. Uli ndi zigawo 11, ndipo mapointsi ake amayambira pa 0, kutanthauza kuti palibe chilema chimene chaoneka, mpaka pa 42. Wopima amayamba ndi kuona ngati wodwala ali maso, kenako amamufunsa mwezi umene tili ndi zaka zake, n'kumuuza kuti atseke maso ndi kuwatsegula, afumbate dzanja ndi kulifumbatula. Amaona ngati maso akuyenda mbali zonse ziwiri, ngati wodwala akuona zinthu za kumanzere ndi kumanja, komanso ngati nkhope yapindika. Mkono uliwonse umatukulidwa kwa masekondi 10 ndipo mwendo uliwonse kwa masekondi 5, pofuna kuona ngati chiwalocho chikhazikika, chitsika pang'onopang'ono kapena chigwa nthawi yomweyo. Zotsala ndi kuona ngati dzanja likulondola polozera chinthu, ngati khungu likumva kubayidwa pang'ono, ngati wodwala akupeza mawu ndi kumva chiyankhulo, ngati lilime likutchula bwino, ndiponso ngati ubongo wake sukunyalanyaza mbali imodzi ya thupi, vuto lodabwitsa limene limachititsa munthu kukana kuti mkono wake wamanzere ndi wake. Munthu wophunzitsidwa amamaliza zonsezi mphindi 10 zisanakwane, ndipo safuna magetsi, makina kapena mankhwala.

Nambala yotuluka pamenepo ili ndi tanthauzo lotsimikizika. Mwachizolowezi, mapointsi 1 mpaka 4 amatengedwa ngati sitiroko yaing'ono, 5 mpaka 15 yapakati, 16 mpaka 20 yokulirapo, ndipo 21 kupita m'mwamba ndi yoopsa kwambiri. Harold Adams ndi anzake anasonyeza mu 1999 kuti wodwala wofika ndi mapointsi 16 kapena kuposa amakhala pachiopsezo chachikulu cha imfa kapena kulumala kwambiri, pamene wa mapointsi 6 kapena ocheperapo kawirikawiri amachira bwino. Kuno kwathu, kafukufuku amene Terttu Heikinheimo ndi anzake anafalitsa mu 2012, atatsatira odwala sitiroko ogonekedwa ku Blantyre, anapeza kuti chimene chinkalosera kwambiri mmene wodwala adzakhalire m'tsogolo chinali kukula kwa sitiroko pamene ankafika, osati kukhala ndi HIV kapena ayi. Zimenezi zikutanthauza kuti muyesowu unayesedwa kale pa Amalawi ndipo unagwira ntchito, kungoti unatsalira m'manja mwa ofufuza ndi akatswiri ochepa, osafika m'chipinda cholandirira odwala mwadzidzidzi pa chipatala cha m'boma.

Pali chotsutsa chimodzi champhamvu, ndipo a Nduna adzachimva kuchokera kwa alangizi awo, choncho ndi bwino kuchiyankha mwachilungamo. Muyeso wa NIHSS unatchuka chifukwa cha mankhwala osungunula magazi oundana otchedwa alteplase, amene kafukufuku wa 1995 anasonyeza kuti amathandiza akaperekedwa maola 3 asanathe, nthawi imene inawonjezedwa kufika maola 4 ndi theka pambuyo pa kafukufuku wa ECASS III mu 2008. Kuyambira 2015, kafukufuku wa MR CLEAN wa ku Netherlands ndi ena otsatira anatsimikiza kuti magazi oundana otseka mtsempha waukulu angathe kukokedwa ndi kachipangizo kolowetsedwa kudzera mumtsempha, ndipo kawirikawiri wodwala woyenera chithandizochi amakhala ndi mapointsi 6 kapena kuposa. Wotsutsa anganene kuti popeza zithandizo ziwirizi sizipezeka mwachizolowezi m'zipatala za boma, ndiponso popeza odwala ambiri amafika patadutsa tsiku kapena masiku, atayamba adikira kunyumba kapena atadzera kwa asing'anga pokhulupirira kuti alodzedwa, ndiye kuti kuyeza n'kutaya nthawi ya namwino amene ali kale ndi mzere wautali pakhomo. Maganizo amenewa ndi olakwika, chifukwa amaiwala kuti odwala sitiroko ambiri amene amamwalira m'masabata oyambirira samwalira chifukwa chosowa alteplase yekha, koma chifukwa cha mavuto otsatira amene angathe kupewedwa ndi zinthu zimene chipatala chilichonse cha m'boma chili nazo kale.

Vuto lalikulu mwa amenewa ndi kulephera kumeza. Pafupifupi theka la odwala sitiroko amavutika kumeza m'masiku oyambirira, ndipo chiopsezochi chimakula pamene mapointsi akukwera. M'zipatala zathu, wodyetsa wodwala ndi mbale wake womudikirira, amene chifukwa cha chikondi amafulumira kumupatsa phala, tiyi kapena thobwa, osadziwa kuti chakudyacho chikulowera m'mapapo m'malo mwa m'mimba, ndipo patapita masiku awiri kapena atatu wodwala amayamba kutentha thupi ndi kubanika ndi chibayo. Nambala yolembedwa pamwamba pa fayilo ikhoza kumangiriridwa ku lamulo losavuta, loti wodwala aliyense ayesedwe kumeza ndi madzi pang'ono asanapatsidwe chilichonse pakamwa, ndipo wa mapointsi okwera ayikidwe pabedi loyandikira anamwino, mutu utakwezedwa, aganiziridwe zomuika chubu chodyera chodzera m'mphuno, komanso azitembenuzidwa pafupipafupi kuti asachite zilonda za pabedi. Kafukufuku wa QASC wa ku Australia, wofalitsidwa mu 2011, anasonyeza kuti pamene anamwino atsatira ndondomeko yoyang'anira zinthu zitatu zokha, kutentha kwa thupi, shuga wa m'magazi ndi kumeza, chiwerengero cha omwalira kapena otsala akudalira ena pakatha masiku 90 chimatsika moonekeratu. Palibe chilichonse m'ndondomeko imeneyo chimene chipatala cha Ntchisi kapena cha Nsanje sichingakwanitse, malinga ogwira ntchito atadziwa wodwala woyenera kumuyang'anitsitsa kuposa ena.

Chifukwa chachiwiri choyezera ndi chakuti kumene zinthu zili zochepa ndi kumene kusankha mwachilungamo kumafunika kwambiri. Makina a CT, amene amajambula ubongo ndi kusonyeza ngati muli magazi okhuthuka, amapezeka kwenikweni m'zipatala zikuluzikulu za m'mizinda, ndipo ambulansi ya chipatala cha m'boma imayembekezeredwanso ndi mayi wovutika pobereka ndi wovulala pangozi ya pamsewu. Dokotala wa ku Chitipa akamaimbira anzake a ku Mzuzu Central Hospital, kunena kuti wodwala ali ndi mapointsi 9 ndipo dzulo anali ndi 4 ndi uthenga umene wolandira foni angaugwiritse ntchito posankha zochita, pamene kungonena kuti wodwala sali bwino kumasiya chisankho m'manja mwa amene akuyankhula mokweza kapena amene ali ndi wachibale wodziwika. Ngakhale sitiroko yaing'ono ili ndi phindu lake poyezedwa, pakuti kafukufuku wa CHANCE wa ku China mu 2013 anasonyeza kuti wodwala wa mapointsi 3 kapena ocheperapo, amene mtsempha wake watsekeka, akapatsidwa aspirin pamodzi ndi clopidogrel kwa masiku 21 kuyambira tsiku loyamba, chiopsezo chochitanso sitiroko ina chimachepa. Awa ndi mankhwala otsika mtengo, koma sangaperekedwe moyenera popanda nambala, ndipo wodwala wotereyu, yemwe amaoneka ngati wopepukidwa ndipo nthawi zina amabwezedwa kunyumba msanga, ndi amene angapindule kwambiri ndi kujambulidwa mwachangu.

Apa pakufunika chenjezo limene liyenera kulembedwa momveka m'ndondomeko iliyonse imene Unduna ungatulutse. Muyeso wa kukula kwa sitiroko sunena ngati mtsempha watsekeka kapena waphulika, ndipo kusiyanitsa ziwirizi n'kofunika chifukwa aspirin, amene amathandiza pa mtundu woyamba, akhoza kuwonjezera kukha magazi pa mtundu wachiwiri. Madokotala a ku Thailand anayesa kuthetsa vutoli mu 1991 ndi muyeso wa Siriraj, umene umaphatikiza mutu, kusanza, kukomoka ndi BP pofuna kulosera mtundu wa sitiroko popanda makina, koma utayesedwa m'maiko a mu Africa sunapezeke wodalirika moti n'kulowa m'malo mwa CT. Nkhaniyi ndi yaikulu kuno chifukwa sitiroko ya kuphulika kwa mtsempha imachuluka mu Africa kuposa ku Ulaya. Choncho pempho la kalatayi silichotsa udindo wa boma wogula ndi kusamalira makina ojambulira, koma nambala zosonkhanitsidwa m'maboma onse 28 ndizo zingapereke umboni wa kumene makina otsatira ayenera kupita.

Phindu lina la nambala ndi loti imabwerezedwa. Mayi aliyense amene anapitapo ndi mwana kusikelo amadziwa kuti kulemera kwa tsiku limodzi sikunena zambiri, koma mzere wa m'kabuku ukayamba kutsika, mlangizi wa zaumoyo amadziwa kuti pali vuto ngakhale mwanayo akusewera. Momwemonso, mapointsi akakwera ndi 4 kapena kuposa pakati pa madzulo ndi m'mawa, ndi chizindikiro choti ubongo ukutupa, magazi akupitiriza kukhuthuka, kapena pabuka vuto lina monga chibayo kapena kutsika kwa shuga, ndipo namwino amakhala ndi chifukwa chomveka chodzutsira dokotala. Glasgow Coma Scale, muyeso wa kukomoka umene Graham Teasdale ndi Bryan Jennett anafalitsa mu 1974 ndipo ogwira ntchito zachipatala ambiri kuno amaudziwa, sukwanira pa ntchito imeneyi, chifukwa unapangidwira ovulala m'mutu, ndipo wodwala wofa ziwalo mbali yonse ya kumanzere akhoza kupeza mapointsi onse 15 ngati ali maso ndipo akuyankha bwino.

Komabe NIHSS singangotengedwa mmene ilili n'kupachikidwa pakhoma, ndipo apa ndi pamene pali ntchito imene Unduna wokha ungalamule kuti ichitike. Chigawo choyesa chiyankhulo chinapangidwira anthu oyankhula Chingerezi a ku America. Kwa zaka zambiri wodwala ankasonyezedwa chithunzi cha khitchini ya kumeneko, mmene mwana wakwera pampando kuti atenge mabisiketi m'kabati pamene madzi akusefukira musinki, n'kuuzidwa kuti afotokoze zimene akuona. Amasonyezedwanso zithunzi za zinthu zoti atchule maina ake, zina mwa izo zosadziwika kwa mlimi wa ku Dedza, ndipo amapatsidwa ziganizo zoti awerenge ndi mawu a Chingerezi oti abwereze, ena onena za masewera a baseball. Gogo amene sanapite kusukulu akalephera kuwerenga, kapena akalephera kutchula chinthu chimene sanachionepo, amapatsidwa mapointsi a chilema chimene alibe. Ngakhale funso looneka losavuta la zaka limasokoneza, popeza okalamba ambiri a m'midzi sadziwa chaka chimene anabadwa ndipo amakumbukira msinkhu wawo potchula njala ya 1949 kapena nthawi ya chitaganya, pomwe mwezi amaudziwa bwino ndi ntchito ya kumunda kuposa ndi dzina la pakalendala. Maiko ambiri anamasulira ndi kusintha chigawochi kuti chigwirizane ndi ziyankhulo zawo, n'kuyesa ngati chikupereka zotsatira zodalirika. Malawi akufunika zithunzi za khasu, mtondo, dengu, njinga ndi nkhuku, chithunzi cha zochitika pamjigo kapena pamsika, ndi mawu osankhidwa bwino a Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chisena ndi ziyankhulo zina, amene amayesa milomo, lilime ndi kukhosi monga mmene mawu a Chingerezi aja amachitira. Kamuzu University of Health Sciences, mogwirizana ndi akatswiri a ziyankhulo a ku Centre for Language Studies ku Zomba, ili ndi anthu okwanitsa ntchitoyi, ndipo ndalama zake n'zochepa poyerekeza ndi mtengo wa makina amodzi.

Ophunzitsidwa ayeneranso kuuzidwa poyera zimene muyesowu suona bwino. Umapereka mapointsi ambiri pa mavuto a chiyankhulo, amene kawirikawiri amachokera ku ubongo wa kumanzere, kuposa pa kunyalanyaza mbali ya thupi, kumene kumachokera ku ubongo wa kumanja, motero sitiroko ziwiri zofanana kukula zikhoza kupatsidwa nambala zosiyana. Sitiroko ya kumbuyo kwa ubongo, imene imabwera ndi chizungulire, kusanza, kuona zinthu ziwiriziwiri ndi kudzandira poyenda, nthawi zina imapeza 0 ngakhale ili yoopsa, n'chifukwa chake wodwala wotere ayenera kuimiritsidwa ndi kuyendetsedwa asanauzidwe kuti alibe vuto. Nambala yotsika sitanthauzanso kuti chilema n'chopepuka kwa mwini wake, pakuti telala wofooka zala za dzanja lamanja kapena mphunzitsi wosowa mawu angapeze mapointsi 2 okha koma ntchito yake itatha. Ndipo muyeso usanayambe, shuga wa m'magazi ayezedwe, chifukwa shuga wotsika amaoneka ngati sitiroko ndipo amachizika m'mphindi zochepa. Khunyu, matenda oumitsa khosi ndi zotupa za mu ubongo zobwera chifukwa cha kuchepa kwa chitetezo cha m'thupi nazonso zimanamiza, choncho kuyeza HIV kukhale mbali ya ndondomeko yomweyo.

Dziko lino si lachilendo pa nkhani ya miyeso yotere, ndipo zimenezi ziyenera kulimbitsa mtima a Nduna. Blantyre Coma Score, muyeso wa mapointsi 0 mpaka 5 woyezera kukomoka kwa ana aang'ono odwala malungo a mu ubongo, unapangidwa kuno ndi Malcolm Molyneux, Terrie Taylor ndi anzawo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, chifukwa muyeso wa Glasgow sunkagwira pa mwana wosayankhula, ndipo lero ukugwiritsidwa ntchito kulikonse kumene kuli malungo. Ndondomeko ya ETAT, yosankhira ana odwala kwambiri pamzere kuti athandizidwe msanga, inakulira pa Queen Elizabeth Central Hospital motsogozedwa ndi Elizabeth Molyneux, imfa za ana ogonekedwa zinatsika, ndipo World Health Organization inaitenga n'kuifalitsa m'maiko ambiri. Zonse ziwirizi zinapambana chifukwa zinali zosavuta, zinaphunzitsidwa kwa anamwino ndi makilinikala ofesa amene ndiwo amaona odwala ambiri, ndipo zinasanduka chizolowezi cha pantchito. Akuluakulu odwala sitiroko sanapatsidwebe mwayi wofanana ndi umenewu.

Si aliyense amene ayenera kuphunzira zigawo zonse 11. M'mudzi ndi pa chipatala chaching'ono, chofunika ndi kuzindikira sitiroko msanga, ndipo njira ya FAST, imene inapangidwa ku England chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kuti ithandize ogwira ntchito m'maambulansi, imangofuna kuona zinthu zitatu, kupindika kwa nkhope, kugwa kwa mkono ndi kusokonekera kwa mawu, kenako kuthamangira kuchipatala osadikira kuti kuche. Alangizi a zaumoyo, oyankha mafoni a Chipatala Cha Pa Foni, mafumu, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, ngakhalenso asing'anga amene odwala ambiri amayamba kuwafikira, angathe kuphunzira zimenezi tsiku limodzi. NIHSS yathunthu ikhale ya zipatala za m'maboma, za mipingo za CHAM ndi zinayi zikuluzikulu za Queen Elizabeth, Kamuzu, Zomba ndi Mzuzu. Pa tsiku lotuluka m'chipatala ndi pamene wodwala wabweranso kudzaonedwa, palembedwe muyeso wina wachidule wotchedwa modified Rankin Scale, umene umayambira pa 0, munthu wopanda vuto, kufika pa 5, wogona pabedi wodalira ena pa zonse, ndipo 6 ndi imfa. Umenewu ndi umene ungathandize ochititsa mafizo, kuphatikizapo a ku Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre, kudziwa woyenera kuyamba naye ndi kuona ngati ntchito yawo ikusintha kanthu.

Zimene Unduna ukupemphedwa zili m'mphamvu zake ndipo siziyembekezera thandizo lalikulu la kunja. Muyesowu ulowe m'buku la Malawi Standard Treatment Guidelines pa mutu wa sitiroko, pamodzi ndi zoyenera kuchita pa mlingo uliwonse wa mapointsi. Medical Council of Malawi ndi Nurses and Midwives Council of Malawi apemphedwe kuuika m'maphunziro a ophunzira a ku Malawi College of Health Sciences ndi sukulu za anamwino, komanso m'maphunziro owonjezera a amene ali kale pantchito, ndipo maphunzirowo azibwerezedwa, chifukwa muyeso wopimidwa mosiyanasiyana ndi anthu osaphunzitsidwa umasocheretsa kuposa kusayeza. Fomu yolandirira odwala mwadzidzidzi ndi kalata yotumizira wodwala zikhale ndi malo atatu osaloledwa kusiyidwa opanda kanthu, a nthawi imene wodwala anaoneka komaliza ali bwino, a shuga wa m'magazi ndi a mapointsi a NIHSS, ndipo nambalazi zizilowa mu DHIS2, nkhokwe ya ziwerengero za zaumoyo, mwezi ndi mwezi monga zimalowera za malungo ndi za uchembere. Ntchito yokonza zithunzi ndi mawu a m'ziyankhulo za kuno ipatsidwe mwini wake ndi tsiku loimalizira, ndipo zikakonzedwa ziyesedwe kaye pa chipatala chimodzi chachikulu ndi zipatala zingapo za m'maboma a m'zigawo zonse zitatu, zisanasindikizidwe ndi kutumizidwa m'dziko lonse.